Chikhakha cha Amake Ndaziona

Ku Bweranimawa kulibe munthu amene amathamanga, kupatula madalaivala. Dzikoli lili kuseri kwa mapiri a Tidzaona, likulu lake ndi Khalanikaye, ndipo pa mbendera yake anajambulapo nkhono. M'munsi mwa nkhonoyo analembamo mawu amene mwana aliyense amaloweza asanadziwe n'komwe dzina la bambo ake: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu akumeneko akhala akudekha kuyambira nthawi ya makolo awo, koma ine sindinakumanepo ndi mmodzi yemwe amene anawaona masowo.

M'chaka chachisanu ndi chinayi cha ulamuliro wa Mfumu Yaikulu Chedwani Wachitatu, anthu ovulala pa ngozi zapamsewu anayamba kung'ung'udza. Ankati munthu galimoto ikamugunda, chipukuta misozi chimabwera iye ataiwala kale mtundu wa galimotoyo. Phokosolo linafika kunyumba yachifumu pa nthawi yolakwika, mfumu ikupuma itatha kudya, ndiye nkhani inakula. Nduna zonse zinaitanidwa.

"Ndamva kuti anthu anga akulira," inatero mfumu. "Akulira chiyani? Misewu ndinawapatsa, magalimoto owagunda aliponso okwanira."

Nduna ya Zangozi ndi Chipukuta Misozi, a Gwirampando, anaimirira. Anali munthu wa mimba yaulemu wake, woti akamawerama kulonjera mfumu mabatani a jekete amachita kupemphera.

"Wamkulukulu, nkhaniyi taifufuza mozama kwa miyezi khumi ndi itatu ku hotela," anatero a Gwirampando. "Bwalo lathu silichedwa ayi. Vuto ndi lakuti anthu anu akuchira mopupuluma. Munthu wathyoka mkono lero, ife tikuti timuitane pakatha zaka zinayi monga mwa dongosolo, iye akubwera akugwedeza mkono womwewo, n'kutipatsa nawo moni. Nanga ife pamenepo tilipire chiyani? Tilipire moniwo?"

Nduna zinzake zinawomba m'manja. Bwana wa kampani ya inshuwalansi ya Mtimapansi, amene anali pamenepo ngati mlendo wongodutsa, anawomba mpaka wotchi inavuka.

Tsiku lomwelo kunabadwa Lamulo la Bala Looneka. Linkati munthu wovulala pamsewu adzalandira chipukuta misozi pokhapokha Bwalo la Mabala litaona ndi maso ake kuti akadali wovulala pa tsiku la mlandu wake. Wochira tsikulo lisanafike ndiye kuti wakhululukira galimoto. Ndipo pofuna kuti oweruza asatope n'kuyamba kulakwitsa, Bwalolo lizikhala kamodzi pachaka, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu. Ili ndi lamulo lokhalo m'mbiri ya Bweranimawa limene linalembedwa, kusainidwa ndi kudindidwa dzuwa lisanalowe.

Amene lamuloli linawapeza bwinobwino ndi mayi Esinala Kamtedza, amene pamsika wa Tingotani aliyense amawatchula kuti amake Ndaziona. Anali mayi wamasiye wa mwana mmodzi, wogulitsa zitumbuwa, koma chimene ankadziwika nacho kuposa zitumbuwazo ndi miyendo yawo. Akalowa m'bwalo la chimtali, oimba ng'oma ankasinthana katatu iwo asanapemphe madzi akumwa. Ukwati umene amake Ndaziona sanavinepo anthu ankangouona ngati msonkhano.

Lachiwiri lina m'mawa akuwoloka msewu wa Gudugudu, beseni lili pamutu, lole inatulukira pakona ngati yalumidwa ndi mavu. Inawathyola mwendo wakumanzere m'munsi mwa bondo. Loleyo inali itanyamula zikwangwani za Unduna wa Zangozi zolembedwa kuti Yendetsani Mosamala, ndipo inkathamanga chifukwa zikwangwanizo zinali zitachedwa ku mwambo wozikhazikitsa.

Kuchipatala anawaika chikhakha choyera kuchokera kuphazi mpaka m'ntchafu. Namwino wake, mayi Agatha, anachigogoda ndi chala n'kumwetulira.

"Pakatha masabata asanu ndi atatu mubwere tidzachotse. Fupa lanu ndi labwino, mayi. Muvinanso chaka chino chisanathe."

Amake Ndaziona anatenga uthenga wabwinowo n'kupita nawo kwa loya wawo, a Mkutamawu. Loyayo atamva anagwira mutu.

"Masabata asanu ndi atatu? Namwino ameneyo munalakwirana naye chiyani? Mayi, fayilo yanu kuti ingochoka pa tebulo la kalaliki kupita pa tebulo loyandikana nalo imatenga miyezi isanu ndi umodzi. Lipoti la apolisi likufunika chidindo, wosunga chidindo ali kumaliro, ndipo kwawoko anthu amamwalira motsatizana. Ine malangizo anga ndi amodzi basi. Musachire."

"Nanga fupa likalumikizana lokha, abwana?"

"Za m'kati mwa chikhakha ndi za inu ndi Mulungu wanu. Bola kunjaku kuzioneka."

Amake Ndaziona anaganizira denga lawo lothonya ndi beseni lawo lophwanyika. Anaganiziranso ukwati wa mwana wawo, popeza Yotamu, mnyamata wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, anali atatuma kale ankhoswe. Ukwati wopanda chakudya chokwanira ndi manyazi a mayi. Anadziuza kuti chaka chimodzi si kanthu, ndipo masabata asanu ndi atatu aja atakwana sanapite kuchipatala.

Sanali okha. Lamulolo litatha zaka ziwiri, munthu ukalowa mumsika wa Tingotani umaona zikhakha, mabandeji ndi ndodo zoyendera kuyambira kogulitsira makala mpaka kwa osoka nsapato. Ngakhale moni anasintha.

"Mwadzuka bwanji, amake Ndaziona?"

"Sindinadzuke bwino ayi, kaya inu?"

"Ifenso chimodzimodzi. Tithokoze Mulungu."

Munthu akachira, anzake ankapita kukamupepesa. Zinawachitikira a Lameki ogulitsa nkhuku, amene anayendera ndodo ziwiri pafupifupi zaka ziwiri osalakwitsa ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lina tambala anadula chingwe n'kuliyatsa liwiro. A Lameki anataya ndodo, kumuthamangitsa, mpaka kudumpha ngalande ya kumbuyo kwa butchala. Tambala anamugwira ndithu, koma potembenuka anapeza msika wonse uli zii, ndipo kalaliki wa Bwalo la Mabala ataima poteropo ndi phwetekere m'manja, akuwayang'ana. Masana ake anthu anapita kukakhala nawo pakhonde mwakachetechete. Tambala uja anaphedwa kuti opepesa adye.

Vuto linali lakuti chikhakha cha kuchipatala sichinapangidwe kuti chidikire Bwalo. Chimasweka, chimada, mvula ikachinyowetsa chimafewa, ndipo achipatala ankakana kuika china pa mwendo wochira. Apa ndi pamene anatulukira a Binwelo, mmisiri womanga nyumba amene ntchito zinali zitamuuma. Anaika benchi pafupi ndi chipata cha msika, n'kumamanga zikhakha za chiguduli, laimu ndi simenti pang'ono. Ankagulitsanso masipoko a njinga okandira m'kati mukamayabwa.

"Nyumba zina zimene ndinamanga zinagwa, sindikana," ankatero a Binwelo uku akusalaza mwendo wa amake Ndaziona ndi chipande chawo. "Koma chikhakha changa sichinagwepo. Ichi mlandu wanu chiudikira, ndi wa mdzukulu wanu womwe."

Chinali cholemera moti kuchoka pamkeka kufika pamoto wokazingira zitumbuwa unali ulendo. Kumaukwati anasiya kupita, chifukwa ng'oma ikalira mapewa awo ankayamba okha kugwedezeka, ndipo simudziwa amene akukuonani.

Tsiku lina namwino Agatha anabwera kudzagula zitumbuwa. Anayang'ana nkhope, n'kuyang'ana mwendo, n'kuyang'ananso nkhope.

"Si inu ndinakuuzani masabata asanu ndi atatu aja? Papita chaka ndi theka, mayi."

"Tsitsani mawu, anamwino. Kalaliki wa Bwalo amagula pano."

"Agule, ine sindikumuopa. Mwendo ukapanda kuponda pansi umaiwala ntchito yake. Mnofu umatha, bondo limauma. Mukuupha mwendo umenewu, ndipo tsiku lina mudzaufuna simudzaupeza."

"Ndatsala pang'ono. A loya akuti fayilo yafika pa tebulo lachitatu."

"Matebulowo alipo angati?"

Amake Ndaziona anazindikira kuti zimenezo a loya sananene.

Kuyambira tsiku limenelo mantha anawalowa. M'mawa uliwonse asanakoleze moto ankayang'ana zala zakuphazi zimene zinkasuzumira kunsi kwa chikhakha, n'kuziuza kuti zigwedezeke. Chala chachikulu chinkayankha. Tating'onoto tinayamba kuchita ngati sitikumva.

Ukwati wa Ndaziona unasunthidwa kawiri. Yotamu anali mnyamata wofatsa, koma ankhoswe ake anali anthu a kunja kwa Bweranimawa, osazolowera za nkhono. Tsiku lina masana Ndaziona anakhala pansi pafupi ndi mayi ake, akuwathandiza kusenda nthochi za zitumbuwa.

"Amayi, ankhoswe a Yotamu akufunsa ngati ife tikadali ndi maganizo."

"Uwauze adekhe."

"Inunso mukundiuza za nkhono?" Ndaziona anaponya khoko la nthochi m'dengu. "Ine malata sindikuwafuna. Ng'ombe paukwati sindikuifuna, anthu adzadya nyemba abwerere. Ndikufuna mudzavine, amayi. Mwavina pa maukwati a ana a eni dziko lonseli, wanga wokha ndiye mudzakhale pampando ngati mlendo?"

"Ndikavina ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi ndakanda ndi sipoko pachabe."

"Mukapanda kuvina zikhala zinayi."

Mawuwo anawapweteka mayi ake chifukwa anali oona. Umo ndi m'mene Bweranimawa imagwirira anthu ake. Chaka choyamba umadikira chifukwa ukufuna chipukuta misozi, ndipo zaka zotsatirazo umadikira chifukwa wadikira kale.

Kalata inabwera patatha zaka zitatu ndi miyezi inayi chichitikireni ngozi. Msika wonse unaigwirako, ena kuinunkhiza, chifukwa ambiri anali asanaionepo kalata ya Bwalo la Mabala. Ndaziona anangowerenga tsiku lake, n'kupita kwa ankhoswe kukawauza kuti ukwati uchitike Loweruka lotsatira, kaya Bwalo linena zotani.

Tsiku lobadwa mfumu, a Binwelo anawakankha amake Ndaziona pa wilibala mpaka ku Khalanikaye. Holo inali itadzaza ndi anthu a zikhakha, atakhala m'mabenchi motsatira zaka zimene adikira. Mfumu Chedwani Wachitatu inafika nthawi ya nkhomaliro itadutsa. A Gwirampando analankhula kwa maola awiri za liwiro limene unduna wawo ukugwirira ntchito, ana asukulu anaimba nyimbo ya nkhono, keke inadulidwa, ndipo panatsala nthawi ya milandu iwiri.

Woyamba kuitanidwa anali atamwalira chaka chatha. Bwalo linamudikira mphindi zisanu, n'kulemba kuti wanyozera.

"Esinala Kamtedza."

Anawakhazika pampando pamaso pa mfumu. Lamulo linkafuna kuti bala lioneke, choncho msilikali anabwera ndi sowo ya Bwalo. Sowoyo itakumana ndi simenti ya a Binwelo inatha mano, ndipo a Binwelo kumbuyoko anakweza mapewa monyadira. Anachita kuitana Yotamu, amene anagwada n'kudula chikhakhacho ndi sowo yake ya zitsulo, pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu poopa kucheka apongozi ake pamaso pa mfumu.

Chikhakha chitagawika pakati, munatuluka masipoko awiri othyoka ndi ndolo imene Ndaziona anaifunafuna chaka chonse. Kenaka unaoneka mwendo. Unali wowonda ngati mthiko, wotuwa, khungu likusupuka. Amake Ndaziona anali asanauone kuyambira tsiku limene a Binwelo anaumanga, ndipo atauona misozi inangoyamba yokha kutsika. Anaumvera chisoni ngati mwana amene anamusiya kwa eni n'kumuiwala.

Dokotala wa mfumu anaufinya apa ndi apo.

"Fupa linalumikizana kalekale, Wamkulukulu. Lalumikizana bwino kwambiri, moti amene analisamalira ndi wodziwa ntchito."

"Ndiye kuti bala la lole palibe," anatero a Gwirampando, nkhope itawala.

A Mkutamawu anadumpha. "Palibe bwanji? Bwalo lione mwendowu. Uwu ndi mwendo woti munthu n'kuyendera?"

"Tauona, ndipo mitima yathu yasweka," anayankha a Gwirampando uku akupukuta keke pamlomo. "Koma lole imathyola, siwondetsa. Chawondetsa mwendowu ndi chikhakha, ndipo popeza m'chikhakhamo muli simenti, nkhaniyi ndi ya Unduna wa Zomangamanga. Mayiwa atsegule fayilo ina kumeneko. Lamulo ndi lomwe lija, mwendo usanenepe mlandu usanalowe."

Nduna zinawomba m'manja. Bwana wa Mtimapansi, amene analinso pamenepo mongodutsa, nthawi ino anavuliratu wotchi.

A Mkutamawu anawerama n'kunong'ona m'khutu mwa amake Ndaziona. "Musataye mtima, mayi. Uwu ndiye mlandu wabwino kuposa woyamba uja. Zaka zisanu basi. A Binwelo amange china lero lomwe mwendo usanaone dzuwa."

Amake Ndaziona anayang'ana mwana wawo. Ndaziona anangoima ndi ndolo ija m'manja. Anayang'ananso zala zawo zakuphazi n'kuziuza kuti zigwedezeke. Chachikulu chinayankha, ndipo patapita kanthawi chotsatira chake chinanjenjemera pang'ono.

Anatsitsa phazi n'kuponda pansi. Simenti ya mu holomo inali yozizira, ndipo anaimva kuzizirako.

Anatenga ndodo zawo ziwiri zoyendera n'kuziika pa tebulo la a Gwirampando, pafupi ndi keke.

"Musunge, bambo. Misewu yathu mukuidziwa, mwina tsiku lina mudzazifuna."

Atatero anagwira mpando n'kuimirira. M'mabenchi munamveka kunong'ona kwa mantha.

"Amake Ndaziona, khalani pansi. Akukuonani."

"Andione," anatero.

Phazi loyamba linawagwetsa. Yotamu anathamanga kuti awanyamule, koma anamukaniza, n'kungopempha phewa la mwana wawo. Anadzuka, n'kuponyanso phazi. Bondo linakana kupindika, mwendo unkanjenjemera, koma unkapita. Kuchoka pa tebulo la nduna kukafika pachitseko anatenga nthawi yoti munthu n'kukazinga beseni lonse la zitumbuwa, ndipo anthu a zikhakha aja ankangowayang'ana, ena mwachisoni, ena mwansanje.

Mfumu inakondwera kwambiri. "Mwaona? Munthu wabwera pa wilibala, akubwerera ndi miyendo yake. Bwalo langa layamba kuchiritsa." Inalamula kuti nkhaniyo iulutsidwe pa wailesi katatu patsiku. Kalaliki anadinda pa fayilo kuti Wachira, ndipo tsiku limenelo chidindo chinapezeka msanga, wosunga wake sanali kumaliro.

Ukwati unachitika Loweruka. Kunali nyemba ndi mpunga, ng'ombe kunalibe, ndipo palibe anabwerera ndi njala. Ng'oma zitayamba, amake Ndaziona analowa m'bwalo, mkono wina pa phewa la mwana wawo, wina pa phewa la mkamwini. Oimba ng'oma, amene kale ankawatopetsa, anatsitsa okha liwiro kuti awadikire. Mlendo wina wa kuchimuna anayamba kunong'ona za mwendowo, koma a Lameki a nkhuku aja anamugwira pamkono.

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Taombani m'manja, achimwene."

Anavina nyimbo imodzi yokha, akuseka uku akulira, kenaka anapempha mpando ndi madzi. Ndaziona anagwada n'kuwapukuta thukuta ndi nsalu yake yaukwati.

Mnofu unabwerera pang'ono m'miyezi yotsatira, namwino Agatha atawaphunzitsa zochita m'mawa uliwonse. Bondo lokha silinavomerenso kupindika. Denga likuthonyabe, a Binwelo anawonjezera benchi yachiwiri, ndipo a Gwirampando anapatsidwa mendulo ya nkhono yagolide. Amake Ndaziona amatsimphina mpaka lero, kutsimphina kwenikweni kumene tsopano palibe kalaliki akufuna kukuona.

Alendo ogula zitumbuwa pamsika wa Tingotani akawaona akukoka mwendo amafunsa mwachisoni ngati inali ngozi yapamsewu.

"Lole inangondithyola masabata asanu ndi atatu," amayankha. "Kutsimphinaku inandigunda ndi fayilo. Mutenga zingati?"